Magetsi a Galimoto Yakale Akavuta, Yambani ndi Kuyeza

Nkhani yathu lero ndi ya magetsi a galimoto yakale, makamaka mavuto aja osamvetsetseka amene amasiya mwini galimoto atagwira njakata. Mukaponda buleki, nyale za pa dashibodi n'kumayaka pang'ono. Mukayatsa nyale zakutsogolo, singano yoonetsa kutentha kwa injini n'kukwera yokha. Madzulo mwaimika galimoto ili bwinobwino, m'mawa mukapotokola kiyi ingoti khethe, osalira. Inu amene mukuyendetsa Corolla, Sunny, Hilux kapena Hiace yopitirira zaka makumi awiri, zimenezi mukuzidziwa.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri akaona zotere amathamangira kogula. Agula batire latsopano, vuto lili pomwepo. Agula alitaneta, kenako sitata, ndalama ya fizi ya ana yapita, chonsecho cholakwika ndi bawuti imodzi yochita dzimbiri. Musagule kanthu musanayeze, abale anga, ndipo kuyezako kuli ndi poyambira pake.

Tiyambe tamvetsa mmene magetsi amayendera. Amatuluka pa batire kumutu wa pozitivi, uja wovala chofiira, n'kudutsa pa fyuzi, pa switchi, mpaka kufika pa nyale kapena pa hutala. Koma sathera pamenepo. Ayenera kubwerera ku batire kumutu wa negativi, apo ayi nyale siyaka. Tsono opanga galimoto sanakoke waya wobwererapo kuchokera pa chinthu chilichonse kukafika ku batire. Njira yobwerera ndi chitsulo cha galimoto chomwecho: bodi, chesesi ndi injini. Waya wonenepa wa negativi amamangidwa ku bodi, wina amalumikiza injini ndi bodi, ndipo timawaya tating'ono timamangidwa ndi timabawuti apa ndi apo, kuseri kwa nyale, pansi pa dashibodi. Zimenezi ndi zimene amakanika amati ethi.

Galimoto ikakalamba, ethi ndiyo imayamba kufooka. Matope a m'dzinja, fumbi la m'chilimwe ndi mabampu a misewu yathu zimamasula mabawuti n'kuika dzimbiri pakati pa waya ndi chitsulo. Magetsi akapeza njira yawo yatsekeka sangokhala. Amachita ngati madzi a mvula ngalande ikadzaza zinyalala, amene amangobooleza n'kulowa m'munda mwa mnzako. Babu la kumbuyo lija lili ndi timawaya tiwiri m'kati, ka mawati 21 ka buleki ndi ka mawati 5 ka paking'i. Ethi ya nyale imeneyo ikafa, magetsi a buleki amabwerera kudzera pa kawaya ka paking'i kapena pa babu la indiketa, n'chifukwa chake mukaponda buleki kumayakanso kwina kumene simunayatse. Ethi ya injini ikafooka, sitata, imene imakoka maampu oposa 100, imakafuna njira pa kebulo ya akisileleta kapena ya kalachi, mpaka kebuloyo kutentha osagwirika. Munthu wosadziwa amasintha kebulo, yatsopanonso n'kupsa.

Zida zake si zambiri: mita yoyezera magetsi, ija imagulitsidwa m'mashopu a zida za galimoto ndi a zamagetsi, sipanala ya 10 imene imamasula matemino a galimoto zambiri za ku Japan, sandipepa, girizi pang'ono ndi babu limodzi la mawati 21 lokhala ndi mawaya awiri. Musanagwire batire vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo fodya akhale kutali, chifukwa batire limatulutsa mpweya umene umaphulika ukakumana ndi moto. Pomasula, yambani ndi negativi. Pobwezeretsa, negativi ikhale yomaliza. Sipanala ikagunda bodi muli pa negativi palibe chimene chichitike, koma ikagunda muli pa pozitivi, negativi ikadali yomanga, ithetheka moto ndipo dzanja lingapse.

Poyambira ndi pa batire. Ikani mita pa DC 20, galimoto itazima ndipo itakhala maola angapo osalira. Batire lodzaza limaonetsa mavolti 12.6. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti lili pakati, likatsika pansi pa 12 ndiye latha mphamvu, mulitchaje kaye musanayeze china chilichonse, chifukwa batire lofooka limanamiza miyezo yonse. Kenako mnzanu alize injini inu mukuyang'ana mita. Pamene sitata ikuzungulira, nambala isatsike pansi pa 9.6. Injini ikalira iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5, kusonyeza kuti alitaneta ikutchaja. Ikangokhala pa 12 ndi kanthu, onani lamba kaye ngati wakhwepa kapena watha. Ikapitirira 15, ndiye kuti ikutchaja mopyola muyeso, ndipo mababu azipsa pafupipafupi, batire lizinunkha ngati dzira lovunda. Apa ndikukamba za galimoto za mavolti 12. Malole ndi mabasi ambiri ndi a 24, manambala ake muwirikize kawiri.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ambiri sakalabadira. Mukapotokola kiyi injini isanalire, kanyale ka chithunzi cha batire pa dashibodi kayenera kuyaka. Pa galimoto zambiri zakale, magetsi oyambitsa alitaneta amadutsa pa kanyale kameneko, moti kababu kake kakapsa alitaneta yabwinobwino imatha kuleka kutchaja. Ndipo ndikupempheni, lekani chizolowezi chozula temino ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta ili moyo. Ndikudziwa kuti m'magalaja ena amachita zimenezo tsiku ndi tsiku, koma batire likachoka magetsi amatha kulumpha mwadzidzidzi n'kuwotcha kompyuta ya injini kapena alitaneta yomweyo. Mita ikuuzani zomwezo popanda kuwononga kanthu.

Batire likakhala bwino, gwedezani matemino ndi dzanja. Temino yozungulira pamutu wa batire, kapena ija yokhomeredwa msomali kuti igwire, si temino ayi. Ufa woyera kapena wobiriwira uja mutsuke ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira, mupale mpaka mtovu uwale, mumange zolimba.

Tsopano tafika pamene pagona nkhani, kuyeza ethi. Ambiri amaika mita poti ilire kuti tiii, akamva kulirako n'kunena kuti waya ali bwino. Kuyeza kumeneko n'kosakwanira. Waya wonenepa amene watsala ndi kalusi kamodzi kosaduka amalizabe mita, koma sangapereke mphamvu ku sitata. Waya amayezedwa akugwira ntchito. Siyani mita pa DC 20, nsonga imodzi muike pamtovu weniweni wa negativi, osati pa temino, inayo pa chitsulo choyera cha injini. Mnzanu alize. Njira ikakhala yabwino mita ionetsa pafupifupi ziro, mwina 0.2. Ikaonetsa zoposa 0.5, ndiye kuti mphamvu ikutayika panjira pakati pa injini ndi batire. Sunthani nsongayo kuchoka pa injini kupita pa bodi, kenako pa temino, mukuyeza paliponse. Pamene nambala yagwera mwadzidzidzi, vuto lili pakati pa malo amenewo ndi amene munachokera. Chimodzimodzi ndi nyale: iyatseni, muyeze pakati pa negativi ya batire ndi ethi ya nyaleyo, ndipo pasapitirire 0.2.

Ngati mita mulibe, tengani waya mmodzi wa jampa, mbali ina mumange pa negativi, inayo pa chitsulo cha injini. Galimoto imene imalira mwaulesi ikangolira msanga, mwalipeza vuto. Kukonza kwake n'kumasula bawuti, kupala waya ndi chitsulo ndi sandipepa mpaka zonse ziwale, osasiya penti kapena dzimbiri, kumanga zolimba, kenako kupaka girizi pamwamba kuti madzi asalowe. Mukasenda pang'ono n'kupeza waya wabiriwira m'kati, ameneyo ndi wotaya. Gulani wina wonenepa mofanana.

Tikambeko za mafyuzi. Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya: imapsa iyo kuti waya asayake. Mtundu wake umakuuzani kukula kwake: yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Yofiira ikapsa mubwezeretse yofiira. Mukaikapo ya 30, kapena kawaya, kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndiye kuti mwasiya mawaya a pansi pa dashibodi kuti apse m'malo mwake, ndipo moto woyambira kumeneko umamaliza galimoto yonse. Inu oyendetsa minibasi, kumbukirani kuti kumbuyo kwanu kwakhala anthu.

Fyuzi ikamapsa nthawi iliyonse imene mwaika, pali waya wosendeka amene akugunda chitsulo. Musamalize mafyuzi pofufuza. Tengani babu lija la mawati 21, mawaya ake awiri mulowetse pamene pamakhala fyuzi. Shoti ikadalipo, babu liwala kwambiri, koma waya sapsa chifukwa babulo likuchepetsa magetsi odutsa. Tsono yambani kuzula mapulagi limodzilimodzi ndi kugwedeza mawaya. Pamene babu lizime kapena kuchepa kuwala, pamenepo ndi pamene pali shoti. Muyang'ane kwambiri pamene mawaya amapindika tsiku lililonse, monga m'kapaipi ka labala ka pakati pa chitseko ndi bodi ndi ka chitseko cha kumbuyo, pamene akudutsa pabowo la chitsulo, ndi pafupi ndi ekizozi. Galimoto imene yakhalitsa osayenda, makamaka pafupi ndi nkhokwe, muiunikenso ngati makoswe sanatafune mawaya. Vuto lija lobwera n'kupita, lero zili bwino mawa ayi, limagwidwanso chomwecho: yatsani chimene chikuvutacho, muzigwedeza mawaya pang'onopang'ono mpaka chizime m'manja mwanu.

Nanga batire lotha usiku? Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko. Mita muiike pa 10A, nsonga yofiira muisamutsire pabowo lake la maampu. Masulani temino ya negativi, mita ikhale pakati pa mtovu ndi teminoyo, ndipo mudikire mphindi zingapo. Musalize injini mita ili pamenepo, ipsa. Galimoto yakale ikagona isakoke zoposa 0.05. Ikamakoka zambiri, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala igwe, ndipo fyuzi imeneyo ikuuzani kumene kuli wakuba. Kawirikawiri amakhala wailesi kapena alamu yoikidwa pambuyo ndi munthu amene anangotenga magetsi paliponse, kapena kanyale ka m'buti kamene sikazima mukatseka. Mafyuzi onse akatha nambala osatsika, ganizirani alitaneta, chifukwa dayodi yake ikafa imabweza magetsi usiku wonse ngakhale masana imaoneka ngati ikutchaja. Muchotse batire kaye musanamasule waya wonenepa wa alitaneta, kenako muyezenso.

Mukapeza waya woduka, musangopota ndi zala n'kukulunga pepala la pulasitiki. Kulumikiza kotero kumagwira sabata zingapo, kenako kumabala vuto lina lovuta kulipeza kuposa loyamba. Lumikizani powotcherera ndi mtovu kapena ndi zolumikizira zopanira, waya akhale wonenepa ngati amene analipo, mukulunge ndi tepi yeniyeni ya magetsi, n'kumumangirira kuti asamakhule pachitsulo. Ndipo mawaya ndi mapulagi achikasu a pansi pa chiwongolero ndi pansi pa mipando musawagwire ndi mita kapena ndi babu. Amenewo ndi a eyabagi, ndipo ikhoza kukuphulikirani kumaso.

Zikakukanikani, pitani kwa makanika wodziwa za magetsi, koma mupite mutalemba papepala zimene mwayeza ndi nthawi imene vuto limabwera: kaya mvula ikagwa, kaya injini ikatentha, kaya mukagunda bampu. Akakuuzani kuti mugule chipangizo, mufunseni mwaulemu kuti, "Bambo, tandionetsani pa mita kuti chafadi." Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso limenelo. Ndipo mvula isanayambe chaka chino, patulani Loweruka limodzi, mutsegule boneti, mumasule ethi ya batire ndi ya injini, muzipale, muzimange bwino n'kupaka girizi.