Za Njinga ya Moto Yokana Kulira M'mawa

Inu abale a ku Kayelekera ndi midzi yozungulira, mudziwa kuti kuchokera kwanuko kukafika ku boma la Karonga ndi ulendo wa makilomita oposa 50, m'njira yokwera ndi kutsika mapiri. Mgodi wa uranium unatsegulidwa m'chaka cha 2009, nuima mu 2014, nuyambanso mu 2025. Koma magalimoto a pamgodi ali ndi ntchito yao, ndipo munthu wa m'mudzi adalira njinga ya moto. Tsono mwana akadwala mbandakucha, kapena mayi wapakati akamva kuti nthawi yake yafika, njingayo iyenera kulira pomwepo. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi ambiri aiponda kakhumi osalira, ndipo ikalira izimanso mwini akangoleka kupereka mafuta. Nthawi zambiri nthenda yake ili m'kabuleta.

Tiyambe tadziwa ntchito ya chipangizochi. Injini siidya petulo yekha ai, koma wosakanizidwa ndi mpweya, magawo ngati 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera kwake. Ndipo wosakaniza ndiye kabuleta. Pansi pake pali kambale kosungira petulo, ndi m'kambalemo muli timikuwa tiwiri tobooka, timene amisiri atitcha majeti. Jeti yaikulu itumikira pamene njinga ili paliwiro. Yaing'ono ndiyo idyetsa injini poyamba kulira, ndi pamene ilira chiimire. Ndipo bowo lake n'lochepa kotero kuti kambewu kamodzi ka mchenga kakhoza kulitseka. Taonani tsono chifukwa chake njinga ithamanga bwino masana nikana m'mawa: jeti yaikulu ili bwino, yaing'ono yatsekeka. Pozizira petulo sasanduka nthunzi msanga, ndipo injini ifuna wochuluka. Choki aikirapo chifukwa cha chimenechi, koma nayonso ilephera njira ya petulo ikaphimbika.

Zinyalalazo zichokera kuti? Zina ndi fumbi la m'njira, zina dzimbiri la m'thanki, zina zidza ndi petulo wogula m'mabotolo ndi m'zigubu zimene sitidziwa chimene zinasunga kale. Palinso ichi: kuyambira 1982, pamene anayamba kutcheza ethanol wa nzimbe ku Dwangwa, petulo wa m'dziko muno asakanizidwa naye. Ethanol akoka chinyezi, ndipo madziwo akhala pansi pa kambale. Njinga ikagona masabata ambiri, petulo auma nasiya zomata ngati utomoni.

Pofuna kutsuka, sankhani usana, pabwalo, kutali ndi moto, nyali ndi fodya. Yalani nsalu yoyera, pakuti tizitsulo ta kabuleta tikagwa m'dothi simudzationanso. Tsekani kampopi ka petulo, chotsani kabuleta, ndi kumasula kambale kaja. Chimene mudzapezamo chidzakuuzani zambiri. Masulani majeti onse awiri ndi chomasulira chokwana bwino m'mpata wake, popeza mkuwa n'ngofewa. Muwaviike m'mankhwala otsukira kabuleta, kapena m'petulo woyera ngati mankhwalawo palibe, nimuwauzire ndi pompi ya njinga yakapalasa, pamodzi ndi tinjira tonse ta m'thupi la kabuleta. Kenaka penyetsani jeti yaing'ono kudzuwa. Kuwala kuoneke kozungulira bwino. Ngati sikutero, viikaninso.

Pano tichenjeza kolimba, pakuti ife olemba tinaphunzira ndi manyazi. Chaka china njinga yathu inavuta motero, ndipo tinaipereka kwa mnyamata wina wodziwa kulankhula, amene anatokosa jeti yaing'ono ndi singano ife tikupenya, natisangalatsa poiliza msanga. Patapita sabata petulo anayamba kutha ngati thanki yabooka, utsi wakuda kumbuyo, pulagi nayo yakuda bii. Singano inakulitsa bowo, ndipo bowo lokula silibwereranso. Tinagula jeti ina. Musalowetse singano kapena waya wachitsulo m'menemo ai. Ngati pali chokanirira, katsitsi kamodzi ka burashi yapulasitiki kakwanira.

Musaiwale sefa ya mpweya: ikadzala fumbi injini ibanika, ndipo ikang'ambika fumbi lonse lilowa m'kabuleta amene mwangotsukayo. Onaninso mphira wolumikiza kabuleta ku injini. Akachita ming'alu, mpweya ulowa mwakuba, ndipo njinga ilira mokwera ndi kutsika yokha ngakhale majeti ali oyera.

Kwatsala masikuluwu awiri a kunja, amene ambiri athamangira kupotoza asanatsuke kanthu, nasokoneza zimene zinali bwino. Imodzi ikweza kapena kutsitsa kulira kwa injini; inayo iyesa kusakaniza kwa mpweya ndi petulo. Musanachotse yachiwiriyi, muilowetse pang'onopang'ono kufikira itagunda, osaumiriza, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, nimulembe chiwerengerocho. Pobwezera muibweze momwemo. Kukonza kwina konse kudikire injini itenthe, mutayenda mphindi khumi ndi kubweza choki. Pamenepo potozani pang'ono, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira, nimumvetsere, kufikira kulira kukhale kosalala kosadukiza.

Musaweruze ntchito yanu madzulo omwewo, pakuti injini yotentha ilira ngakhale kabuleta ali wodwala. Dikirani m'mawa wotsatira, mame akali pa udzu: tsegulani petulo, ikani choki, nimuponde. Ikalira pa kuponda koyamba kapena kwachiwiri, ndi kukhalabe ikulira mutabweza choki, ntchito yatheka. Kuyambira tsiku limenelo petulo wa m'botolo muzimsefa pa nsalu yoyera pothira, ndipo ngati njinga idzagona nthawi yaitali, tsekani kampopi ndi kukhetsa wa m'kambale pomasula sikuluwu ya pansi pake.