Batire Lotseka Likasiya Kusunga Moto, Musafulumire Kulitaya

M'nyumba zambiri muli batire lakuda lotseka la 12V, loyatsira mababu a sola, lotchajira mafoni kapena losungira moto wa kompyuta magetsi akathima. Pakapita zaka zingapo limayamba kuvuta. Mulitchaja tsiku lonse, koma pofika nthawi ya nsima yamadzulo m'nyumba muli bii. Mabatire ena otere amadzuka mukawasamalira bwino, ena anafa kale. Choyamba ndi kudziwa kuti lanulo lili mbali iti.

Chimene chimalifooketsa

M'kati mwake muli zipinda 6, chilichonse chotulutsa mphamvu ya 2.1V. M'zipindamo muli timapuleti ta mtovu, ndipo asidi wake ananyowetsedwa m'kansalu konga thonje, n'chifukwa chake satayika mukalipendeketsa. Batire likakhala milungu yambiri lopanda moto, pa timapuletipo pamamera timchere toyera totchedwa lead sulfate, ndipo tikauma gwa sitilola moto kulowa. Vuto lina ndi kuuma. Kutentha ndi kutchaja mopyola muyeso, makamaka polumikiza panelo ya sola mwachindunji popanda controller, kumathamangitsa madzi a m'kati.

Yezani musanatsegule

Batire lotupa, long'aluka kapena lodontha musalimbane nalo. Lolembedwa GEL musalitsegule, chifukwa madzi salithandiza. Malangizo ano ndi a mtundu wa AGM, wa kansalu konyowa kaja.

Litchajeni, lipume usiku wonse osalumikiza kanthu, m'mawa muliyeze ndi multimeter, chipangizo choyezera mphamvu ya magetsi. Labwino limaonetsa 12.6V kapena kuposerapo pang'ono. Loonetsa pakati pa 11.5V ndi 12.4V ndi loyenera kuliyesa. Likakakamira pa 10.5V ngakhale mwalitchaja, kawirikawiri chipinda chimodzi chinafa, ndipo palibenso mankhwala.

Kuthira madzi

Gwirani ntchitoyi panja, kutali ndi mbaula, fodya ndi ana, popeza batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika. Valani magolovesi ndi magalasi. Pafupi pakhale ndowa ya madzi ndi soda wophikira therere, wophera asidi akatayikira pansi. Akagwera m'maso, sambani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala.

Kanganulani chivundikiro chopyapyala cha pamwamba ndi nsonga ya sikuludiraiva. Pansi pake mupeza tizipewa 6 ta labala. Tichotseni mosamala, mutisunge. Unikani ndi tochi m'mabowomo. Kansalu kouma kamaoneka koyera mbuu, konyowa kamanyezimira.

Tengani sirinji yopanda singano ndi madzi a batire, aja amagulitsidwa m'mabotolo pa malo omwetsera mafuta ndi m'mashopu a zipangizo za galimoto. Pa batire la 7Ah, yambani ndi mamililita 2 kapena 3 m'chipinda chilichonse. Dikirani maola angapo kuti madzi alowerere. Kansalu kangonyowa basi, madzi asadikhe pamwamba. Mukapyoletsa, akokeni ndi sirinji yomweyo. Madzi a pampopi, a pamjigo kapena a pachitsime musathire, chifukwa ali ndi mchere umene umawononga timapuleti. Musawonjezere asidi, pakuti chimene chinachoka ndi madzi okha. Za aspirin ndi mchere zimene ena amalangiza, zisiyeni.

Kutchaja pang'onopang'ono

Bwezerani tizipewa pamalo pake ndipo mutchaje modekha. Gawani ma Ah a batire ndi 10. La 7Ah lilandire 0.7A, la 20Ah lilandire 2A, ndipo mphamvu isapyole 14.7V. Tchaja yaikulu ya galimoto ingalipsereze kabatire kakang'ono. Lipatseni tsiku lathunthu, mukuligwiragwira m'mbali ndi dzanja. Kufunda pang'ono n'kwabwino, koma likatentha kwambiri kapena kununkha ngati dzira lovunda, zimitsani nthawi yomweyo.

Kuyesa ngati ladzuka

Nambala ya pa multimeter yokha ingakunamizeni. Lumikizani babu la galimoto la 12V 21W ndipo muwerenge nthawi kufikira mphamvu itatsika pa 10.5V. Batire la 7Ah lamphamvu limayatsa babulo pafupifupi maola atatu. Litchajeninso nthawi yomweyo, mubwereze kawiri kapena katatu. Nthawi yoyaka ikamawonjezeka, timchere tija tikusungunuka. Ikangokhala mphindi zochepa osasintha, batire latha. Lodzukalo mumate chivundikiro chake m'makona mokha, kuti mpweya uzipeza potulukira, ndipo lizikhala chilili.

Batire lodzutsidwa silibwerera mwakale. Lipatseni ntchito yopepuka monga mababu a LED ndi wailesi. Musamalimalize moto mpaka kuthima, muzilitchaja tsiku lomwelo, ndipo muliike pamthunzi.

Lakufa lipite kuti?

Musaliswe, musalitenthe, musaliponye kudzala kapena m'chimbudzi. Mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa mwana, ndipo sawola m'nthaka. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akuvutika ndi fumbi lake. Kaperekeni batire lakufalo lili lotseka kwa ogula mabatire akale kapena kushopu kumene mukagule latsopano. Pabwalo posewerera ana anu pasapezeke ngakhale kachidutswa kake.