Kuyeza Nkhalango ndi Kuŵala

Nkhalango ndi chuma cha dziko. M'nkhalango ndimo muchokera matabwa, nkhuni, mankhwala ndi zipatso, ndipo mitsinje yambiri imayambira m'menemo. Koma munthu sangasamale bwino chuma chimene sadziŵa kuchuluka kwake. Mwini ng'ombe amaŵerenga ng'ombe zake madzulo zikamaloŵa m'khola, kuti ina ikasoŵa adziŵe msanga. Nanga mitengo ya m'nkhalango yaikulu angaiŵerenge ndani?

Kuyambira kale, alangizi a za nkhalango amayeza mitengo ndi manja. Amasankha kadera kakang'ono, nazunguliza tepi pa thunthu la mtengo uliwonse pa msinkhu wa chifuwa cha munthu. Kenaka amaima chapatali ndi kuyeza kutalika kwa mtengowo ndi kachipangizo koyang'anira nsonga yake. Ntchito imeneyi ndi yabwino, koma imatenga nthaŵi yaitali. Malo ena ndi a mapiri, ena ndi a ziyangoyango, kotero kuti anthu amalephera kufikako.

M'zaka za m'ma 1990, pa yunivesite ya Virginia m'dziko la America padali wophunzira wina dzina lake Michael Lefsky. Iye ankaphunzira kuti alandire digiri yapamwamba kwambiri yotchedwa PhD. Wolandira digiri imeneyi amatchedwa dokotala, ngakhale kuti sagwira ntchito m'chipatala. Kuti aipeze, ayenera kufufuza kwa zaka zingapo ndi kutulukira chinthu chimene anthu sankachidziŵa. Funso limene Lefsky adafuna kuyankha lidali lakuti: kodi kuŵala kungayeze nkhalango?

Kuŵala kumene iye adagwiritsa ntchito ndi kwa laser. Kuŵala kwa nyali kumamwazikira mbali zonse, koma kwa laser kumayenda m'kamzere kopyapyala ndipo kumafika kutali. Laser yoyamba adaipanga ndi Theodore Maiman m'chaka cha 1960. Njira yoyezera mtunda ndi laser imatchedwa lidar.

Njira imeneyi imafanana ndi zimene zimachitika mwana akafuula pafupi ndi phiri. Mau ake amagunda thanthwe nabwerera. Thanthwe likakhala pafupi, mau amabwerera msanga. Likakhala patali, amachedwa. Kuŵala nakonso kumabwerera kukagunda chinthu, koma liŵiro lake ndi lalikulu zedi. Pa sekondi imodzi kumayenda makilomita pafupifupi 300,000. Chifukwa cha ichi pamafunika makina okhoza kuŵerenga tizigawo ting'onoting'ono ta sekondi.

Makina a lidar akaikidwa m'ndege, amang'animitsa kuŵala cha pansi. Kuŵala kwina kumagunda nsonga za mitengo ndi kubwerera koyamba. Kwina kumadutsa m'mipata ya masamba ndi kugunda nthambi za pakati. Kotsala kumafika pa nthaka ndi kubwerera pomalizira. Kompyuta imaŵerengera kusiyana kwa nthaŵi pakati pa kuŵala koyamba ndi komalizira, ndipo potero imapeza kutalika kwa mitengo.

Lefsky ndi anzake adagwiritsa ntchito makina otchedwa SLICER, a bungwe loona za m'mlengalenga la NASA. Koma iwo sadangowakhulupirira makinawo ai. M'nkhalango za ku Maryland adayerekeza zimene makina adapeza ndi miyeso imene anthu oyenda pansi adatenga pa malo omwewo. Ntchitoyi idafunika kuleza mtima, paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Potsiriza adaona kuti miyeso iŵiriyo inkagwirizana. Adapezanso kuti munthu akadziŵa kutalika kwa mitengo pa malo ena, angathe kuŵerengera kulemera kwa mitengo yonse ya pamalopo. Lefsky adamaliza kafukufuku wa digiri yake m'chaka cha 1997.

Kudziŵa kulemera kwa mitengo ndi kofunika. Mtengo ukamakula umayamwa mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi, nusunga kaboni m'thunthu, m'nthambi ndi m'mizu. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni. Mtengo ukatenthedwa, mpweya uja umabwerera m'mlengalenga. Ukachuluka m'menemo, dziko limatentha ndipo nyengo imasintha. Choncho woyeza nkhalango amadziŵa kuchuluka kwa kaboni amene nkhalangoyo ikusunga.

Lefsky sadalekere pomwepo. M'chaka cha 2003 NASA idatumiza m'mlengalenga setilaiti yotchedwa ICESat, imene idali ndi laser. Ntchito yake yaikulu idali kuyeza madzi oundana a kumpoto ndi kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, koma podutsa pamwamba pa nkhalango inkayezanso mitengo. Lefsky adasonkhanitsa miyeso imeneyi pamodzi ndi zithunzi za masetilaiti ena, ndipo m'chaka cha 2010, ali mphunzitsi pa yunivesite ya Colorado State, adatulutsa mapu oonetsa kutalika kwa nkhalango za pa dziko lonse. Mapuwo adaonetsa kuti nkhalango zina zazitali kwambiri zili ku gombe la kumadzulo kwa North America, kumene mitengo imapitirira mamita 40. M'nkhalango za kozizira kumpoto kwa Canada ndi Russia, mitengo yambiri siifika mamita 20.

Pa 5 Disembala, 2018, makina ena otchedwa GEDI adatumizidwa ku International Space Station, nyumba ya asayansi yozungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Makina ameneŵa adawapangira kuyeza nkhalango, ndipo mtsogoleri wa ntchitoyo adali Ralph Dubayah wa ku yunivesite ya Maryland. Njira ya nyumbayo imadutsa pamwamba pa maiko onse otentha, ndiye kuti pamwamba pa Malaŵi pomwe, pamene pali nkhalango za Dzalanyama, Chikangawa ndi Mulanje.

Lero mitengo ya kutali ingayezedwe ngati ng'ombe zoloŵa m'khola. Nkhalango ikayezedwa chaka chino ndi kuyezedwanso patapita zaka zingapo, zimadziŵika ngati ikukula kapena ikutha. Komabe makina amangonena zimene aona. Kuletsa moto wolusa, kuleka kudula mitengo mosasamala ndi kubzala ina ndi ntchito ya anthu.

Mau ofunika kuŵadziŵa

thunthu: gawo la mtengo lochokera pa mizu kufika pa nthambi
ziyangoyango: malo oŵirira ndi zomera zolukanalukana
liŵiro: kufulumira kwa chinthu poyenda
setilaiti: makina ozungulira dziko ali m'mlengalenga

Yankhani mafunso aŵa

1. Kodi alangizi a za nkhalango amayeza bwanji mitengo ndi manja?
2. Tchulani kusiyana kwa kuŵala kwa nyali ndi kwa laser.
3. Ndi kuŵala kuti kumene kumabwerera koyamba ku ndege?
4. Chifukwa chiyani Lefsky adayerekeza miyeso ya makina ndi ya anthu?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ntchito

Sankhani mitengo isanu pa sukulu yanu. Zungulizani chingwe pa thunthu la mtengo uliwonse pa msinkhu wa chifuwa, muyeze chingwecho ndi rula, ndipo mulembe miyeso yanu m'kope.