Ayezi wa Pakati pa Nyenyezi

Anzanga, ine ndinkati pakati pa nyenyezi palibe chilichonse, ndi mdima basi. Ndinatsutsana ndi mnzanga wa Folomu 3 mpaka tinabetcherana mandasi. Ndinagwa nayo, ndiye imvani zomwe ndaphunzirapo.

Mu Januwale mvula ikapereka mpata usiku, yang'anani Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija. Chapambali pake pali kachifunga kowala pang'ono. Kameneko ndi Orion Nebula, mtambo wa gasi ndi fumbi momwe mukubadwa nyenyezi zatsopano. Kwathu kulibe magetsi, ndiye kamaoneka bwinobwino.

M'katikati mwa mitambo yotere, momwe kuwala sikufika, mumazizira mpaka -263°C. Gasi amakakamira pa tinjere ta fumbi, ngati mame pa udzu wa m'mbali mwa mtsinje wa Domasi mu Juni. Pa tinjere timeneti haidrojeni amakumana ndi okosijeni n'kupanga madzi oundana.

Nanga anadziwa bwanji, poti palibe anafikako? Apa ndiye pamandisangalatsa. Kuwala kwa nyenyezi yakuseri kukamadutsa mumtambomo, mtundu uliwonse wa ayezi umameza gawo lakelake la kuwalako. Asayansi amaona gawo lomwe lasowa, n'kudziwa amene wameza. Ndi njira imeneyi, mu 2023 analengeza kuti telesikopu ya James Webb yapeza ayezi wa madzi, carbon dioxide, ammonia, methane ndi methanol mumtambo wina wotchedwa Chamaeleon I.

Mandasi aja ndinagula awiri, ndi ndalama yomwe amayi anandipatsa ya kope.