Kodi chisanu cha ku Chitipa chikutha mphamvu?

Wowulutsa: Makalata ambiri a sabata ino achokera ku Chitipa, ndipo onse akukamba za kuzizira. Katswiri wathu wa zanyengo ali nafe muno. Tiyambe ndi agogo ena a ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, amene mdzukulu wawo wawalembera. Akuti: "Tili ana m'ma 1960, mwezi wa Julayi tinkadzuka udzu uli mbuu, madzi a m'beseni ataundana pamwamba. Masiku ano bulangete limodzi likundikwanira. Kodi ndi thupi langa, kapena dziko lasintha?"

Katswiri: Agogo, thupi silikukunamizani. Munthu akamakalamba amamva kuzizira kwambiri kuposa kale, ndiye ngati inu mukuchepetsa zofunda, mawu anu ndikuwamvetsera bwino. Zolembedwa nazo zikugwirizana nanu. Kuyambira 1960 kufika 2006 kutentha kwa Malawi yense kunakwera ndi madigiri pafupifupi 0.9, ndipo masiku ozizira kwambiri usiku anachepa. Wina anganene kuti digiri imodzi n'chiyani. Koma madzi amaundana pa digiri 0. Usiku umene kale unkatsikira pansi pa 0 tsopano umangolekezera pa 1, ndipo beseni lanu lija limadzuka lili madzi okhaokha. Pa dziko lonse chaka cha 2024 ndicho chinatentha kuposa zaka zonse zimene zinayezedwapo mmbuyo mwake.

Komabe ndikuchenjezeni pang'ono, agogo. Mtima umasunga mmawa umene zala zinauma popita kusukulu opanda nsapato, n'kuiwala masiku ambiri a Julayi amene kunangozizira mwa nthawi zonse. N'chifukwa chake ife sitiyerekeza chaka ndi chaka chinzake. Timatenga zaka 30, pakali pano 1991 mpaka 2020, n'kupeza pakatikati pake, ndiye chaka chilichonse timachiyeza pamenepo.

Wowulutsa: Koma bambo ena a ku Nthalire akutsutsa. Akuti: "Mumati dziko likutentha, nanga bwanji tomato wanga yense wa kudimba anapsa ndi chisanu usiku umodzi? Pa wailesi munanena kuti ku Chitipa kuzizira sikufika poipa."

Katswiri: Pepani bambo chifukwa cha tomato. Apa ndikhalitsepo, chifukwa alimi ambiri amaluza mbewu pa nkhani yomweyi.

Nambala imene mumamva pa wailesi imachokera pa siteshoni ya Nthambi yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo, pa boma la Chitipa, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Inu muli pansi pa Nyika, kumene nsonga ya Nganda imaposa mamita 2,600, ndipo ku Chelinda chisanu chimagwa kawirikawiri mu Juni ndi Julayi. Wa ku Karonga, ku nyanja, ali pa mamita 500 okha, ndipo angaseke kumva kuti wina akuwotha moto masana. Boma lathu la Chitipa nambala imodzi singalikwanire.

Kachiwiri, chida chathu choyezera chimakhala m'kabokosi koyera, mita imodzi ndi theka pamwamba pa nthaka. Tomato wanu ali pansi. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, nthaka imataya kutentha konse kumene inatola masana, ndipo tsamba lili pansi limazizira madigiri angapo kuposa kabokosi kaja. Ife tikhoza kulemba 4 pamene pa tsamba pafika 0.

Chachikulu kwambiri ndi ichi: mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka m'phiri ngati madzi n'kukadikha m'dambo. Dimba lili m'dambo, poti ndiko kuli chinyezi. Ndiye inu mwagona kumtunda osamva kanthu, pamene kumunsi mbewu zikufa mbandakucha, nthawi imene kumazizira kwambiri. Kutentha kwa dziko kwachepetsa usiku woterewu koma sikunauthetse, ndipo tomato, nyemba ndi mbatatesi zimangofunika usiku umodzi. Ine ndimadera nkhawa kwambiri mlimi amene waona zaka zinayi zopanda chisanu n'kuyamba kubzala pakatikati pa dambo pamene makolo ake ankapapewa.

Wowulutsa: Nanga achite chiyani?

Katswiri: Ayang'ane kumwamba madzulo. Mwera ukaleka, masamba ali zii, nyenyezi zili ngwee, akonzeke. Athirire dimba masana a tsiku limenelo, chifukwa dothi lonyowa limasunga kutentha kuposa louma. Nazale aifunditse udzu kapena masaka dzuwa lisanalowe, mmawa n'kuvundukula. Mbewu zosapirira azibzale chakumtunda kwa dimba, pansi penipeni aikepo kabichi ndi mpiru, zimene zimalimbako. Usiku wa mitambo kapena wa mphepo agone mtima uli m'malo.

Wowulutsa: Wophunzira wa fomu 3 ku Kameme akuti achimwene ake ali ku Joni anamutumizira chithunzi pa WhatsApp, misewu itayera ndi chipale chofewa. Akufunsa: "Bwanji kuno sichigwa, chonsecho kumazizira? Ndiponso chaka china kunagwa zoyera m'munda mwathu mu Disembala."

Katswiri: Funso labwino, mwana wanga. Chithunzicho mwina ndi cha pa 10 Julayi 2023, tsiku limene chipale chinagwa ku Johannesburg koyamba kuchokera mu 2012, moti nawonso eni ake anatuluka panja kukajambula. Mu Seputembala 2024 chinagwanso chochuluka mpaka kutseka msewu wa N3 pa Van Reenen, galimoto zinagona pamsewu. Kumeneko mphepo yozizira yochokera ku nyanja ya kummwera imafika ili ndi mitambo ya mvula. Kuno zinthu ziwirizi zimasemphana. Miyezi yozizira ndiyo yowuma, ndipo mitambo ikabwera mu Disembala kumakhala kwatentha kale. Tilinso pafupi ndi pakati pa dziko, madigiri osakwana 10 kummwera kwake. Kuti chipale chikhalitse m'chigawo chino pamafunika phiri ngati Kilimanjaro, la mamita 5,895, ndipo ngakhale kumeneko madzi oundana a pansonga atha ndi magawo oposa 80 pa 100 kuchokera mu 1912.

Zimene zinagwa m'munda mwanu mu Disembala ndi matalala. Amapangika m'mwamba mwa mtambo wa mabingu tsiku lotentha, amagwa ali olimba ndi kung'amba masamba a chimanga ndi fodya. Zoyera za agogo a ku Chisenga zija sizigwa kuchokera kumwamba. Ndi chinyezi cha mumpweya chimene chimaundana pa udzu pomwepo.

Wowulutsa: Kalata yomaliza yachokera kwa mayi olima khofi ku Misuku. Akufunsa ngati kuchepa kwa kuzizira si nkhani yabwino kwa iwo.

Katswiri: Mayi, ndikanakonda kuvomera, koma ayi. Khofi wa arabica amene mumalima anafika ku Misuku chifukwa cha kuzizira komweko. Zipatso zimapsa pang'onopang'ono, ndiye kukoma kumene ogula amakufuna. Kukatentha zimapsa mothamanga, ndipo tizilombo toboola zipatso ndi chiwawu cha masamba zimakwera phiri kufika minda imene kale sizinkafika. Udzudzu nawo umachita chimodzimodzi, choncho musasiye masikito poti ndinu a kumapiri. Musadule mitengo ya mthunzi ndi nthochi za m'munda wa khofi, ndipo nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa zisungeni, pakuti nkhungu ndi akasupe anu zimadalira izo. Ngati kalabu yanu ingakwanitse, igule chida choyezera kutentha, wina azilemba m'kope mmawa uliwonse pa ola limodzimodzi, malo amodzimodzi. Siteshoni ya pa boma ili kutali ndi Misuku, ndipo kope lotere ife tingaligwiritse ntchito.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Makalata a ku Wenya ndi Ifumbo ofunsa za mvula yoyamba tidzawayankha sabata yamawa.