Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Ife kuno ku Rumphi timadziwa mpira wamiyendo. Za kiriketi ndinazimva kwa amalume anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anandisimbira za munthu amene anasewera maola oposa khumi, cholinga chake chili chongoti timu yake isagonje. Poyamba ndinaseka, koma atalongosola ndinakhala chete.

Tiyambe ndi malamulo. Masewera aakulu a kiriketi, otchedwa Test, amatenga masiku asanu, ndipo timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Wina amaponya mpira wolimba molunjika timitengo titatu. Wa timu inayo amatchinjiriza timitengoto ndi thabwa, namamenya mpirawo kuti apeze mapointi. Mpira ukagunda timitengo, kapena akaumenya wina n'kuuwakha usanagwe pansi, womenyayo watuluka. Tsono chinsinsi nachi: timu imene ili patsogolo siipambana mpaka itatulutsa anthu khumi a timu imene ikumenya komaliza. Nthawi ikatha isanatero, palibe wopambana.

Mu December 1995, pa bwalo la Wanderers ku Johannesburg, England inafunika mapointi 479 kuti igonjetse South Africa. Aliyense anaona kuti nzosatheka. Kunatsala pafupifupi masiku awiri, ndipo chipulumutso chinali chimodzi: kusatuluka.

Kaputeni wa England, Michael Atherton, anaima nji. Allan Donald ndi Shaun Pollock ankaponya mwaukali. Mpira wodutsa pambali iye ankangousiya, wolunjika timitengo ankautsekereza pansi, wofooka wokha ndiye ankaumenya. Anzake asanu anatuluka iye alipobe. Kenaka kunabwera Jack Russell, amene analandira mipira 235 napeza mapointi 29 okha, koma osatuluka. Dzuwa la tsiku lachisanu linapendeka awiriwa adakali pomwepo. Atherton anakhala mphindi 643, analandira mipira 492, napeza mapointi 185. England inathera pa 351, koma siinagonje.

Anzanga, kudekha kotere si ulesi. Pa mpira uliwonse Atherton ankasankha chochita, akudziwa kuti kulakwa kamodzi kokha kukanagwetsa timu yonse.

Ine ndimasewera kumbuyo m'timu ya kalasi yathu. Kale ndinkadandaula kuti anthu amangoombera m'manja omwetsa zigoli, mwakuti tsiku lina ndinathamangira kutsogolo, kumbuyo n'kutichinya. Tsopano ndimakhala pamalo anga mpaka wezulo yomaliza.