Mkonono Wodukiza ndi Dzuwa la M'mawa

Amayi ambiri ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi ku Chipoka amaudziwa mkonono umenewu. Bambo amaliza mkonono womveka mpaka kuseri kwa nyumba, kenaka zii. Chifuwa chikukoka koma mpweya sukulowa. Mukawagwedeza amadzidzimuka ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kugonanso. Kukacha sakumbuka kanthu, koma mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, ndipo masana amangowodzera.

Achipatala vutoli amalitchula sleep apnea, kubanika kutulo. Munthu akagona minofu ya kummero imalefuka n'kutseka njira ya mpweya kwa masekondi 10 kapena kuposa, ndipo kwa ena zimachitika kambirimbiri pa ola limodzi. Mtima umavutika usiku wonse. N'chifukwa chake vutoli limayendera limodzi ndi BP yosamva mankhwala, shuga ndi sitiroko. Woyendetsa minibasi pamsewu wa ku Lilongwe kapena wogwira injini ya boti akawodzera, miyoyo ya anthu ena ili pachiswe.

Thandizo lilipo: kuchepetsa thupi, kusiya mowa wamadzulo ndi fodya, kugona chammbali osati chagada. Ena amafunika makina a CPAP, amene amakankha mpweya pang'onopang'ono kudzera m'masiki kuti kummero kusatsekeke. Dokotala Colin Sullivan anayamba njirayi ku Sydney mu 1980, ndipo nzeru yake ndi yofanana ndi ya makina a Pumani othandiza makanda kupuma m'zipatala zathu. Chovuta n'chakuti ambiri amatopa nawo masabata oyamba omwe. Masiki amakwiyitsa, tulo sitibwera, munthu n'kuwavula pakati pa usiku. Pamafunika maola osachepera 4 usiku uliwonse, ndipo usiku wonse ndiye bwino koposa.

Apa ndi pamene kuwala kungathandize. Thupi lili ndi wotchi yake, ndipo chimene chimaikonza ndi kuwala kolowa m'maso m'mawa. M'mayiko a dzuwa lochepa anthu amagula nyali zapadera n'kukhala pafupi nazo mphindi 30 akangodzuka. Ife kuno dzuwa limatulukira panyanja pomwepa, laulere. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, mutuluke panja: kusesa pabwalo, kusoka ukonde, kuyenda ndawala kugombe kwa theka la ola. Madzulo chepetsani kuwala, foni ikhale patali. Tulo tikamabwera pa nthawi yake, kuvala masiki kungasanduke chizolowezi ndipo simukhala nawo maso mpaka tambala woyamba.

Koma timvetsetsane. Dzuwa silitsegula kummero. Musasiye makina kapena mankhwala a BP poti mwayamba kuothera dzuwa. Musaliyang'ane mwachindunji. Anthu achialubino ndi amene ali ndi vuto la maso akhale pamthunzi wa pakhonde, kuwala kwa pamenepo n'kokwanira.

Asodzi a usipa, inu mumachezera ndi nyali panyanja, choncho zanu n'zosiyana. Mukakocheza, valani chipewa, musachedwe padzuwa, mukagone m'chipinda chamdima ndi masiki anu, osati pansi pa thandala. Kuwala mukufune mukadzuka. Masiku amene mwezi ukuwala kapena mwera wakana, gonani usiku.

Ngati wina pakhomo panu amadukiza kupuma kutulo, ngakhale mwana, uzani mlangizi wa zaumoyo kapena pitani ku Chipatala cha Boma cha Salima, kumene angakutumizeni ku Kamuzu Central pakafunika. Wodwalayo apite ndi amene amagona naye, chifukwa amene amaona zonse ndi iyeyo. Ngati n'kotheka, jambulani mkononowo pafoni kuti adokotala akamve okha.